Kunenerera Chiphunzitso kwa Akatekisi

Kuchokera pa boma la Mchinji mpaka pa chipata cha malire cha Mwami, palibe munthu amene anganene kuti ananditchulira mtengo ine n'kupereka momwemo. Palibe. Funsani ogulitsa mabelo a kaunjika, funsani akabaza, funsani ngakhale amayi a zitumbuwa pa depoti. Ine mtengo woyamba ndimauyesa moni chabe, ndipo moni sayankha ndi chikwama, umayamba wafunsa za kunyumba. Kaunjika ndinayamba kugulitsa ndili ndi tsitsi lonse m'mutumu. Ndinkanena poyera, anthu akumva, kuti ngati kumwamba kuli mlonda wa pageti, ine ndidzalowa pa theka la mtengo, iyeyo n'kundithokozanso.

Mayi akunyumba ndi Mkatolika wa mbali za ku Ludzi, wobatizidwa ali wakhanda. Ine kwathu ndi ku Mlonyeni, ndipo pabanja pathu za tchalitchi tinkazionera patali ngati mpira wa matimu a eni. Tinakwatirana mwa makolo: ankhoswe anakumana, nkhuku inadyedwa, banja n'kuyamba. Zoti kuyambira pamenepo mayiwo sankaloledwanso kulandira Ukaristia, poti ukwati wathu sunadalitsidwe kutchalitchi, ndinkazidziwa. Koma ndinkazitenga ngati chimfine, choti chidzatha chokha. Ana anabadwa, anakula, wamkulu n'kutipatsa mdzukulu, chimfine chija chili pompo.

Chaka china, titatha kukolola, mayi anadwala kuthamanga kwa magazi n'kukagona kuchipatala masiku angapo. Atatuluka, tsiku lina masana tinakhala pakhonde tikuswa mtedza. Anangoti, osandiyang'ana:

"Bambo, ine ndatopa ndi kupinda miyendo."

"Tambasulani, khonde ndi lanu."

"Sindikunena pano. Kutchalitchi. Nthawi yolandira ikakwana, anzanga amadzuka, ine n'kupinda miyendo kuti adutse. Tchalitchi chimenecho ndimasesa ndine, nsalu za paguwa ndimachapa ndine. Ana amene ndinawabereka kumsana amayi awo akuimba kwaya, lero akundilumpha miyendo kupita kukalandira. Ndikufuna ndisanafe ndidzaimeko pamzere paja."

"Mufa liti inu? Adokotala angoti muchepetse mchere."

Sanaseke. Anatola mtedza wina n'kuuswa pang'onopang'ono.

"Pasaka ikubwerayi," anatero. "Mukaonane ndi akatekisi."

Ndinawauza kuti zimenezo ndi zazing'ono, ayambe kusankhiratu chitenje.

M'mawa mwake ndinafunsafunsa pamsika, poti munthu sapita kukagula asanamve mitengo. Onse anandiuza chimodzimodzi: munthu wamkulu wosabatizidwa amalowa kalasi, ndipo kalasiyo ndi ya zaka ziwiri. Pafupi ndi pamene ndimayala kaunjika pali golosale ya mnzanga wina, Msilamu, amene takhala tikubwerekana chenje ndi mthunzi kuyambira kalekale. Atamva nkhaniyo anaseka mpaka kapu ya tiyi anaiika pansi.

"Ndiye mukufuna akuchotsereni zingati, achimwene?"

"Ndiyambira mwezi umodzi, tikakumana pa itatu."

"Ife ku madarasa timayamba mano a mkaka asanagwe, ndipo mpaka lero ashehe amandikonzabe powerenga. Inu miyezi itatu? Mukuyesa ndi jekete?"

"Chilichonse chili ndi mtengo wachiwiri," ndinatero. "Amene amakana ndi amene sanapemphedwe bwino."

Akatekisi, amene ife timangowatchula kuti aphunzitsi, ndi amene amayendetsa mapemphero pa tchalitchi chathu chaching'ono cha kumudzi bambo mfumu akakhala kwina. Ndi bambo wamtali, wowonda, wolankhula ngati akuopa kudzutsa mwana. Ali mnyamata anaphunzirako ku seminale zaka zingapo, kenako anaona kuti unsembe si wawo, n'kubwerera kumudzi kudzakwatira ndi kulima fodya. Ndinawapeza kudambo akuthirira nazale. Ndinali nditanyamula jekete labwino kwambiri la mu belo la sabata imeneyo, lija timabisa pansi pa tebulo.

Ndinayamba monga mwa mwambo wake. Ndinayamikira nazale, ndinayamikira dambo, ndinadandaula nawo za mtengo wa feteleza. Kenako ndinatulutsa jekete. Analivala, n'kutambasula manja.

"Likundikwana. Ambuye akudalitseni."

"Aphunzitsi, ndabwera kudzabatizidwa. Koma ndine munthu wotanganidwa."

"Takulandirani. Kalasi ndi Loweruka lililonse m'mawa, zaka ziwiri za mpingo, ubatizo pa Pasaka yachiwiri."

Ananena zimenezo jekete langa lili m'thupi, osachita manyazi n'komwe.

Njira yachiwiri ndi kupeputsa katundu. Ukafuna nsapato, umayamba waonetsa mwini wake pamene yang'ambika.

"Komatu aphunzitsi, zophunzira zake ndi ziti zoti n'kutha zaka ziwiri? Osaba, osapha, osanama. Zimenezo ndikuzidziwa kale."

"Chomalizacho mumachidziwanso?" anafunsa akutunga madzi. "Mlamu wanga anagula kwa inu thalauza, munamuuza kuti linavalidwapo kamodzi kokha, ndi nduna."

"Sindinanene kuti nduna ya dziko liti."

Anamwetulira, koma mtengo sunasunthe. Ndinatchula mwezi umodzi. Ndinakwera kufika itatu. Ndinafika isanu ndi umodzi, mtima ukundiwawa ngati ndikupereka mbuzi. Iwo ankangothirira, bedi ili, bedi ilo.

Basi ndinatulutsa mkondo wanga womaliza, umene sunandigwiritsepo fuwa la moto. Ndinawauza kuti kutsidya, mbali za ku Chipata, kuli mpingo umene umabatiza tsiku lomwelo mumtsinje, ndipo amakupatsanso mbasela, monga amanenera kumeneko, ya pemphero la malonda.

"Ndamva kuti uliko," anatero. "Muyende bwino, mukapereke moni."

Ndinatembenuka n'kuyamba kuchoka. Tsono kuchoka kwa wogula kuli ndi kayendedwe kake. Suthamanga, suimanso. Umayenda ngati munthu amene wapita ndithu, koma khutu limodzi umalisiya m'mbuyo, chifukwa usanafike patali wogulitsa amakuwa kuti, "Tabwerani, akulu, tikambirane!" Pamsika zimenezi sizilephera, ndipo pakatero pali anthu ambiri oti n'kuzimiriramo. Koma kudambo kulibe khamu. Kulibe ngakhale chitsamba. Kanjira kake n'kowongoka ngati chingwe, ndipo munthu amaonekabe mpaka kukafika kumunda wa chinangwa kutali uko. Ndinayenda pang'onopang'ono. Ndinaima n'kumanga chingwe cha nsapato chimene chinali chomanga kale. Ndinatsokomola. Ndinayang'ana kumwamba ngati ndikuyesa mvula, mu Seputembala. Kumbuyo kunkangomveka madzi akuwaza pa fodya.

Nditafika pakati pa dambo mawu anamveka: "Bambo!"

Mtima unati myaa. Ndinatembenuka mosafulumira, nkhope nditaiumitsa.

"Kumeneko kuli thope! Dzerani kumanzere!"

Kunyumba ndinanena kuti zokambirana zili mkati. Mayi anangoti, "Chabwino," n'kupitiriza kupeta mpunga. Mnzanga wa golosale sindinamuuze kanthu, koma anaona thope pa nsapato n'kundifunsa ngati ubatizo wake anayambira kumapazi.

Ku Chipata sindikanapita, chifukwa ubatizo wa kumeneko sukanawaimika mayi pamzere wa kuno. Choncho Lamulungu lotsatira ndinakadikira panja pa tchalitchi mpaka mapemphero atatha. Aphunzitsi anatuluka atavala jekete lija, dzuwa likuswa mtengo, ndipo ndikukhulupirira kuti anachitira dala. Tinakhala pa benchi pansi pa mtengo wa mango.

"Mwabwerako kutsidya?"

"Mtsinje waphwa," ndinatero. "Aphunzitsi, tiyeni tilankhule ngati akuluakulu. Ndipatseni kabuku kake. Ine mutu wanga umagwira. Mitengo ya katundu yense wa pamsika ndimaisunga muno, ya kwacha yathu ndi ya kutsidya. Ndikaloweza, mudzandifunse mafunso, tithane."

"Kabuku ndikupatsani lero lomwe. Koma kabuku si kalasi."

"Kusiyana kwake?"

Aphunzitsi anati ku seminale, pa zonse zimene anaphunzira za Chigiriki, chilankhulo chimene Chipangano Chatsopano chinalembedwamo poyamba, zambiri zinapita ndi utsi wa fodya, koma mawu awiri anatsala.

"Inu mukayala kaunjika m'mawa, mumatani?"

"Ndimaitanira. Wafika wafika, watsika mtengo, wachedwa walira!"

"Eya. Kumeneko Agiriki ankati kerigima: kulengeza, kukuwa pamsewu kuti anthu amve kuti kwabwera chinthu. Wodutsa amamva ali chiyendere. Atumwi ankachita zimenezo, ndipo munthu ankatha kumva tsiku limodzi n'kukhulupirira. Koma pali liwu lina, didakhe. Ndilo limene ife timati chiphunzitso."

"Didakhe," ndinabwereza, kuti ndimve kulemera kwake. Linkamveka ngati dzina la mankhwala a mbozi.

"Tsono ife tikati chiphunzitso, timaganiza za katundu woti n'kuika mu jumbo n'kupita naye. Liwu lija limanena zimene zikuphunzitsidwazo, inde, komanso limanena ntchito yeniyeniyo ya kuphunzitsa, munthu ali ndi mnzake. Sizilekana. Limachokera kumodzi ndi dzina limene anthu ankaitanira Ambuye Yesu, didasikalosi, mphunzitsi. Ndipo mphunzitsi ameneyo sankagawa timabuku. Ankati munthu amutsate, adye naye, aone mmene akuyankhira wamwano, mmene akugwirira wodwala. Anthu akamazizwa ndi didakhe yake, sankazizwa ndi mawu okha, komanso ndi mwini mawuyo. Akhristu oyamba nawonso, timamva kuti ankakangamira didakhe ya atumwi pamodzi ndi kudyera limodzi ndi kupemphera. Sitimva kuti analoweza n'kubalalika."

"Zimenezo ndi za kale, kunalibe mabuku."

"Inu za kaunjikazi anakuphunzitsani ndani?"

"Malume anga."

"Anakupatsani kabuku?"

Ndinaseka. Malume sankadziwa ndi kulemba komwe. Ndinkawanyamulira katundu, kuwatsata kumisika yonse ya m'malire muno. Belo amagula lomanga, sulitsegula, ndiye iwo ankaligogoda ndi chibakera, kulinunkhiza, kulinyamula mbali imodzi, n'kunena kuti ili muli zinsanza. Ndikafunsa kuti adziwa bwanji, ankati, "Gogoda nawenso." Ndinawafotokozera aphunzitsi zonsezi, mpaka ndinaimirira kuwaonetsa kagogodedwe kake pa benchi.

"Zinakutengerani nthawi yaitali bwanji?"

"Aa, zimenezo sizitha. Chaka chathachi chomwe belo lina linandipusitsa."

"Malumewo munawapempha kuti akuchotsereko?"

Apa ndinaona kuti ndalowa m'khola ndi miyendo yanga. Koma wamalonda akagwa sadzuka chimanjamanja, amatolako kanthu pansipo. Ndinakhala pansi n'kuganiza mofulumira.

"Chabwino, aphunzitsi. Mwati didakhe ndi kukhala ndi munthu, kudya naye, kuona zochita zake?"

"Ndatero."

"Ndiye ine ndakhala m'kalasi kuyambira tsiku limene ndinakwatira! Mayi aja amapemphera kolona m'khutu mwangamu m'mawa uliwonse. Nyengo ya Lenti, Lachisanu, nyama sindidya, osati mwa kufuna kwanga, koma poti m'nyumba simuphikidwa. Ndawaona akupita kukasambitsa odwala amene abale awo enieni anawathawa. Zaka zonsezo muziwerengere. Kunena zoona, mukaphatikiza bwino, ndinu amene muyenera kundibwezera chenje."

Aphunzitsi anaseka mpaka kutsokomola, n'kuvula jekete lija. Anati pa anthu onse amene anawafotokozerapo liwu limeneli, palibe amene analigwira msanga chotere n'kulisandutsa chibonga chomenyera mwini wake. Kenako anandiuza kuti ndinene pemphero limene mayi amayambira m'mawa uliwonse. Ndinayamba bwino ndithu. Pofika pakati ndinapeza kuti mbali yotsalayo ndinkaimva ndili m'tulo.

"Mwafika theka," anatero. "Mwina n'chizolowezi cha ntchito. Koma tandiuzani, bambo, chikukuthamangitsani n'chiyani? Anthu amene amabwera okha sawerenga miyezi."

Ndinawauza za khonde, za chipatala, za Pasaka. Nkhope yawo inasintha.

"Bwanji osanena poyamba? Inu munangofikira kufunsa za ubatizo. Mubwere ndi mayi."

Tinapita Lachitatu lake madzulo, kunyumba kwawo. Mayi anakhala pamkeka pamodzi ndi akazi a aphunzitsi, ife pamipando. Aphunzitsi anafotokoza kuti kudalitsa ukwati ndi nkhani ina, ubatizo wanga ndi nkhani inanso. Mpingo uli ndi njira yoti Mkatolika amange ukwati ndi munthu wosabatizidwa. Bambo mfumu amapempha chilolezo kwa ambuye episkopi, awiriwo amaphunzira za banja kwa kanthawi kochepa, ukwati n'kudalitsidwa. Pasaka isanafike mayi akhoza kukhala atayamba kulandira.

"Nanga ine kalasi?"

"Palibe. Ngakhale Loweruka limodzi."

Ndinayang'ana mayi ngati tambala amene wapambana ndewu. Kuchoka pa zaka ziwiri kufika pa ulere! Ndinayamba kale kukonza mmene ndikafotokozere pa golosale. Komabe kamtima kena kankandikanda. Pa ntchito yathu, munthu amene dzulo amakana kuchotsa ngakhale pang'ono, lero n'kukuuza kuti tenga ulere, umayamba watembenuza katunduyo kuti uone kunsi.

"Mayi, mukuti bwanji?" anafunsa aphunzitsi.

Mayi anakonza mpango wawo, n'kuyankha mofatsa, maso ali pamkeka.

"Tipemphe chilolezocho, aphunzitsi. Zili bwino choncho. Bambowa musawavutitse ndi kalasi. Zinthu zimene zija si za aliyense. Iwowa mutu wawo ndi wa pamsika, sangazithe. Angakachite manyazi pamaso pa ana."

Ananena mwachifundo, ngati akupempherera wodwala. Akazi a aphunzitsi anagwedeza mutu kuvomereza.

Tsono ndikuuzeni chinsinsi cha ntchito yanga. Kasitomala akamazengereza pa jekete lodula, sumukakamiza ayi. Umalichotsa m'manja mwake mwaulemu, n'kulipinda, n'kunena kuti, "Ili lisiyeni, akulu, si saizi ya thumba lanu. Taonani pa mulu apo, pali zotchipa zabwinobwino." Ukanena pali anthu, makamaka pali mkazi, munthu uja amagula jekete limenelo ngakhale agone ndi njala. Ndachita zimenezi kwa aphunzitsi a sukulu, kwa apolisi, kwa alimi amene angolandira za fodya. Msampha umenewu ndimaudziwa kunsi ndi kumwamba. Ndipo ndikukuuzani kuti kuudziwa sikuthandiza chilichonse.

"Sindingazithe ndani? Ine?"

"Bambo, sindikunyozani. Aliyense ali ndi mphatso yake."

"Aphunzitsi, kalasi mwati imayamba nthawi yanji?"

Aphunzitsi anayesa kundibweza. Anati palibe choletsa kuchita zonse ziwiri: chilolezo chipemphedwe, mayi ayambe kulandira, ine ndizilowa kalasi mwa kufuna kwanga. Koma ine ndinali nditakwera kale pamwamba pa chulu. Ndinati sindidzaima kutsogolo kwa tchalitchi ngati munthu wolowera pawindo, wochita kumupemphera chifundo. Ndidzaima ndili wobatizidwa, zaka zake ziwiri zitakwana, ndipo ngati pali chaka chachitatu cha anthu ouma mutu, achiikeponso.

Ndinamaliza kulankhula. Ndipamene ndinamva zimene pakamwa panga panachita. Munthu amene ndinabwera kudzamufupikitsira ulendo, ndinali nditamuwonjezera Pasaka ina yathunthu. Ndinayang'ana mayi kuti mwina akana, andipatse pothawira. Iwo anangoti, "Mwamva nokha, aphunzitsi," n'kuyamba kutsanzika.

Loweruka ndi tsiku limene msika umadzaza, alimi atabwera ndi njinga zawo. Ine Loweruka m'mawa ndinkakhala pa benchi lalifupi, mawondo ali kukhosi, pakati pa achinyamata ndi agogo awiri amene ankabwera kudzawodzera. Kaunjika ndinkayala dzuwa litapendeka, anzanga atadya kale zonona. Mnzanga wa golosale ankandilonjera kuti, "Mwaswera bwanji, ana a sukulu? Lero anakupatsani phala?" Tsiku lina anandifunsa kuti pamapeto pake anandichotsera zingati. Ndinati nkhani za mpingo sitikambira pamsika.

M'kalasimo khalidwe langa sindinalisiye pakhomo. Titafika pa kukonda adani, ndinafunsa ngati ndi onse, kapena munthu angayambe ndi awiri ang'onoang'ono. Pa kukhululuka ndinafunsa ngati wokhululukidwayo amayenera kudziwitsidwa, poti ena akadziwa amabwereza. Aphunzitsi sankakwiya. Ankati, "Funso la bambowa ndi labwino, ndani awayankhe?" ndipo achinyamata aja, amene poyamba ankangoyang'ana pansi, anayamba kutsutsana nane mpaka nthawi kupitirira. Nthawi zina tikaweruka ankanditenga pa ulendo wokaona odwala, ati ndiwathandize kukankha njinga pamchenga. Sankandifotokozera kanthu. Ndinkangoona mmene ankakhalira pansi pafupi ndi mphasa ya munthu, osathamangira kutsegula buku, kuyamba afunsa ngati wadya. Pobwerera ndikafunsa kuti adziwa bwanji kuti uyu akufuna pemphero, uyu akungofuna womumvera, ankati, "Sabata yamawa mudzayambe ndinu kulankhula."

Pasaka yoyamba ija inafika. Ndinapita nawo, n'kukhala kumbuyo. Nthawi yolandira itakwana ndinaona mzere ukuyenda, mayi ali pamalo pawo, mutu uli pansi, chitenje chatsopano chimene ndinawauza ndekha kuti asankhiretu chili m'chiuno. Nyimbo inali yokoma, koma ine sindinaimve bwino. Pobwerera kunyumba ndinayenda nawo kambali.

"Mayi, ndaganiza. Tiyeni tikapemphe chilolezo chija. Ine kalasi ndizipitabe."

"Muzipitabe?"

"Ndithu."

"Mwezi wa Juni, chisanu chitagwa, majekete akuyenda ngati mandasi, inu muzipitabe?"

Ndinayamba kuwerengera majekete m'mutu, ndipo nkhope inandigulitsa.

"Munakana nokha pamaso pa aphunzitsi ndi akazi awo," anatero. "Ine ndadikira kuyambira ndili mtsikana. Malizani."

Juni anabwera ndi chisanu chake, ndipo chaka chimenecho majekete anayendadi. Ndinawaona akuyenda, m'manja mwa anzanga. Loweruka lina ndinafika mpaka pa mphambano, njira iyi ya kumsika, iyi ya kutchalitchi, njinga itaima, phazi lili pansi. Ndinaganiza za botolo la mapiritsi a mayi limene limakhala pawindo. Munthu wa kuthamanga kwa magazi sapangana ndi mawa. Ndikajomba n'kubwezedwa m'mbuyo, wolipira sakhala ine. Ndinakhotera kutchalitchi ndikutukwana chamumtima, zimene ndinakaulula pambuyo pake, nditaphunzira kuti zimenezonso amaulula.

Pa Pasaka yachiwiri ndinabatizidwa, pamodzi ndi achinyamata anga ndi mmodzi wa agogo aja. Madzi ake anali ochepa kwambiri poyerekeza ndi mtengo wake, koma sindinadandaule mokweza. Loweruka lotsatira bambo mfumu anabwera kudzadalitsa ukwati wathu, ana athu ndi mdzukulu ali pompo, ankhoswe amene anatsala ndi moyo atakhala kutsogolo. Mnzanga wa golosale anatseka sitolo n'kubwera ndi thumba la mpunga, n'kuima panja pafupi ndi khomo kuti aone ndi maso ake. Nthawi yolandira, mayi anadzuka. Sanafulumire. Anayenda ngati munthu amene akufuna kuti phazi lililonse alimve, ine pambuyo pawo, ndipo amayi a kwaya anasokoneza nyimbo ndi nthungululu. Atabwerera pamalo anagwada nthawi yaitali, mapewa akugwedezeka. Ine ndinayang'ana kudenga, poti malata ake anali ndi dzimbiri lofunika kuliona bwino.

Titatuluka ndinagwira aphunzitsi dzanja n'kuwauza kuti tsopano tathana. Anati zaka ziwiri zija linali khomo chabe, didakhe ilibe tsiku lotsekera, ndipo Loweruka likubwerali kukubwera kalasi yatsopano imene muli amuna awiri ochita malonda a soya, ouma mutu, amene akufunika munthu wolankhula chinenero chawo. Ndinati ndiganizira. Anati ayamba nthawi yomwe ija.

Alendo atabalalika, mayi anakhala pakhonde atavula nsapato za ukwati, akusisita mapazi. Panali funso limene ndinalisunga nthawi yonseyi.

"Mayi, tsiku lija kwa aphunzitsi. Zoti sindingazithe, mutu wanga ndi wa pamsika. Munkanena zochokera mumtima?"

"Nanga ndikananama pamaso pa akatekisi?"

"Za chilolezo zija, munali musanazimvepo?"

Anapitiriza kusisita phazi.

"Amayi a mu mphakati wa kutchalitchi amakamba zambiri," anatero. "Munthu sungasunge zonse."

"Mayi!"

"Bambo, ine ndakhala pambali panu pamsika zaka zingati, ndikukupindirani majekete amene mwalanda makasitomala m'manja? Inu simunandipatsepo kabuku. Ndinkangoona."

Anatenga nsapato zawo n'kulowa m'nyumba, akuimba chapansipansi.

Ndiye ndasiyira inu owerenga, poti mnzanga wa golosale akuti mlanduwu ndi wosavuta ndipo amaseka ndisanamalize kufotokoza. Aphunzitsi sanachotse ngakhale tsiku limodzi, koma anapeza wowakankhira njinga amene amatsutsa chilichonse. Mayi anapeza zimene ankafuna ndi mwamuna wobatizidwa pamwamba, koma anadikira chaka china chathunthu pa chinthu chimene akanachitenga mosavuta. Ine ndinakana zaulere n'kupempha ndekha kuti andikwezere, komatu luso limene linandigwetsalo ndi langa, ndipo wophunzira wake anakhoza bwino kuposa mwini. Tsono mwa atatufe, inu mukuti anapambana ndani?